Utsi wa M'dambo la Chiwale

MUTU 6

1. Theka la phunziro

Nomsa anali mtsikana wa Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Tsangano. Nzeru anali nazo, zimenezo sitingam'mane. Vuto lake linali limodzi: akamva chinthu chatsopano chinkamuyabwa pakamwa mpaka atauza munthu. Zodikira kuti nkhani ithe kaye zinali za anthu ena, osati iye.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Madamu Ndau a Jogalafe analowa m'kalasi atanyamula chithunzi chachikulu. Pachithunzipo panali phiri likulavula moto ndi utsi wakuda bii.

"Ili ndi phiri lophulika," anatero Madamu. "M'mabuku mwanumo alemba kuti volokano. Pansi penipeni pa dziko, kutali kumene chitsime chilichonse sichingafike, kumatentha kwambiri moti miyala imasungunuka n'kukhala ngati phala. Chimenecho timachitcha chiphalaphala. Chikapeza mng'alu chimakwera pamodzi ndi mpweya wambiri n'kutulukira pamwamba. Nthawi zina chimangoyenderera pang'onopang'ono. Nthawi zina chimaphulika n'kuponya miyala ndi phulusa m'mwamba."

Ngakhale anyamata a kumbuyo, amene ntchito yawo inali kuwodzera, anadzutsa mitu.

Madamu anasimba za mzinda wa Goma ku Congo, kumene m'chaka cha 2021 chiphalaphala chinatsika m'phiri n'kumeza nyumba zambirimbiri, anthu n'kuthawa atasenza mphasa ndi ana. Anafotokoza za phulusa limene limaunjikana padenga mpaka denga kugwa, n'kukwiriranso mbewu m'minda. Anatchulanso mpweya woipa umene umapha ziweto m'malo otsika. Kenako anajambula mapu pabolodi n'kusonyeza kuti dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chimene chinapangika chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka.

Belu linalira pomwepo.

"Tilekeze pamenepa," anatero Madamu akupukuta choko m'manja. "Limeneli ndi theka chabe. Lachinayi tidzaona zizindikiro zake ndi kumene mapiri amenewa amapezeka. Musanamve zimenezo musakayambe kuphunzitsa anthu kunyumba."

Ana anaseka. Nomsa sanaseke nawo, poti mawu omalizawo sanawamve n'komwe. Maso ake anali pa mapu, pamene mzere wa choko unadutsa pafupi ndi Ntcheu.

2. Nthaka ikufuka

Amayi ake a Nomsa, aNangozo, anali ndi dimba la mbatata ya kachewere m'mphepete mwa dambo la Chiwale, m'tsinde mwa phiri la Kambuzi. Munali mizere makumi awiri, yaitali bwino. Chiyambire Ogasiti mayiwo ankalawirira kukathirira ndi kheni mpaka msana kuuma, ndipo tsopano kunali kutatsala masabata atatu okha kuti mbatatayo ikhwime. Pakhomo pawo panalibe bambo. Dimba limenelo ndilo linali chakudya, sopo ndi sukulu ya Nomsa.

Lachiwiri masana, ataweruka, Nomsa anadzera kudimbako kuti akathandize kuthirira. M'chikwama mwake munali foni ya amayi ake, imene ankaitenga masiku ena kukaitchajitsa pa kagolosale ka pafupi ndi sukulu.

Atafika pakati pa dambo anaima. Utsi unali kutuluka m'nthaka. Panalibe lawi, panalibe munthu wosonkha moto, ndipo udzu wa pamenepo unali utapsa kalekale. Utsiwo unkangotuluka m'ming'alu, woyera, wosathamanga. Anagwada n'kugwira pansi chapatali ndithu. Nthaka inali yofunda.

Anatukula maso n'kuona phiri la Kambuzi lili njoo pamwamba pake. Mantha analipo, koma tisanamizane, chimwemwe ndicho chinali chochuluka. Zimene anaphunzira dzulo lake anali kuziona ndi maso, ndipo woyamba kuzizindikira m'mudzi monse anali iye.

Sanapite kwa amayi ake. Sanadikire Lachinayi. Anatulutsa foni, n'kujambula utsi uja, n'kulankhula ndi mawu a munthu wodziwa zinthu.

"Anthu akwathu, uwu si utsi wamba ayi. Ine ndine wa Fomu 2, zimenezi taphunzira dzulo lomweli. Pansi pa phiri la Kambuzi pali moto. Limeneli ndi phiri lophulika ngati la ku Goma. Likaphulika madimba onsewa akwiririka, nyumba zipsa. Konzekani, musadzati sitinakuuzeni."

Anatumiza pa gulu la pa Watsapu la alimi a mbatata, limene amayi ake anali nawo. Dzina lake sanatchule, koma m'mudzimo ndani sankadziwa mawu a mwana wa aNangozo?

3. Mudzi usokonezeka

Pofika Lachitatu m'mawa uthenga uja unali utayenda kuposa basi. Unafika ku Mlangeni, unafika ku Champiti, ndipo kulikonse kumene unkafika unkanenepa. Wina anati phiri layamba kulira. Wina anati waona moto pansonga pake ndi maso ake awiri.

M'mudzi mwa Chiwale munalibe wokhala pansi. Amayi ankamanga ziwiya m'zitenje, n'kumasula, n'kumanganso. Mabanja ena anatuta katundu n'kuwolokera kwa abale awo ku Mozambiki, mtunda woti munthu akaitana mumamva, ngati kuti chiphalaphala chimaima pamalire kufuna chiphaso. Galimoto za ogula mbatata, zimene zimabwera Lachitatu lililonse, sizinaoneke.

Nomsa sanapite kusukulu. Akanapita bwanji anthu ali mbwee pakhomo? Anakhala pakhonde, kope lili pamiyendo, akuyankha mafunso. Azibambo a ndevu zawo ankavula zipewa pomufunsa.

"Aphunzitsi, nanga chiphalaphalacho chimathamanga kuposa njinga?"

"Zimatengera," ankayankha Nomsa akutembenuza tsamba. Mawu akuti "aphunzitsi" ankamukomera kwabasi, ndipo ankati akawamva ankawonjezera ndi zina zimene Madamu sananene.

Anthu atachepa, aNangozo anabwera n'kukhala pambali pake. Tsiku lonse sanadye kanthu. Ankangotuluka, kuyang'ana phiri, n'kulowanso.

"Nomsa, tandiuza ine mayi ako. Zimenezi n'zoona?"

"Zili m'buku, amayi."

"Madimba akwiririka ndithu?"

"Ku Goma zinatero. Minda yonse inapita."

ANangozo anayang'ana kope lija. Linali la Chingerezi, ndipo iwo sukulu analekezera Sitandade 3. Anapuma mozama.

"Ndiye mawa ndikakumba," anatero. "Isanakhwime choncho, bola ndipezepo kodya pothawa kusiyana n'kusiyira moto."

Pamenepo Nomsa anayamba kukayika. Koma anthu anali atamutcha kale aphunzitsi, ndipo sanawaletse.

4. Nsungwi ya agogo

Dzuwa litapendeka kunabwera a Silvester, bambo wawo wa aNangozo, akutsimphina, nsungwi yaitali ili paphewa. Nkhalambayi inali yosachedwa kupsa mtima, koma mdzukulu wawoyu ankamukonda. Masiku onse ankamutcha "mkazi wanga", monga amachitira agogo pocheza ndi adzukulu. Tsiku limenelo sanatero.

"Nomsa, dzuka. Ukandionetse phiri lakolo."

Anatsikira kudambo, agogo patsogolo, iye pambuyo. Atayandikira pofuka paja a Silvester anamuimitsa ndi dzanja. Anazika nsungwi ija pansi, ndipo inalowa mosavuta. Ataizula, kunsonga kwake kunali mizu yopserera ndi phulusa.

"Nunkhiza."

Nomsa ananunkhiza monyinyirika. Linali fungo la udzu wopsa.

"Tsopano tchera khutu, chifukwa sindibwereza," anatero a Silvester. "Ine ndagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri ku migodi ya malasha ku Zimbabwe. Moto woyenda pansi ndimaudziwa, ndipo unandisiyira chizindikiro." Anakweza buluku n'kuonetsa chipsera chachikulu pakakolo. "Kumeneko zotsalira za malasha zinkanyeka pansi miyezi ndi miyezi, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Ndinaponda ndikuyesa njira, mwendo n'kulowa. Uwu ndi mbale wake wa moto umenewo. Nthaka yakuda ya m'dambo muno si dothi lokha. Ndi udzu, mizu ndi bango zimene zakhala zikuwolerana chiyambire makolo athu. Mukakhala madzi siyaka. Koma taona chaka chino. Aliyense wakumba ngalande yake, aliyense chitsime chake, dambo lauma gwa. Mwezi watha osaka mbewa anatentha udzu. Moto wa pamwamba unazima, wina unalowa m'mauna a mbewa, ndipo ndi umenewu ukudya pansi pang'onopang'ono."

Anatsamira nsungwi ija n'kupitiriza.

"Ngozi ilipo, sindikukana, koma si ya phiri. Ngozi ndi ya mwana amene abwere kudzaonerera zodabwitsa zakozi n'kuponda pamene pansi papsa kale. Ngozi ndi yakuti motowu ukasiyidwa ukwawa mpaka kumadimba. Mankhwala ake ndi khasu ndi madzi. Tikumbe ngalande kuzungulira pamenepa mpaka tipeze dothi lonyowa, tithiremo madzi, basi. Koma anthu amene akanagwira ntchito imeneyo ndi amene wawabalalitsa iwe. Ndipo ndikuuze chinthu china. Masiku ano mawu a mwana wa sukulu amalemera kuposa a ife okalamba, chifukwa anthu amati waona m'buku. Zimenezo si zoipa. Tinakutumizani kusukulu kuti mutipose. Koma usanaimirire pamaso pa anthu, uzionetsetsa kuti bukulo waliwerenga mpaka kumapeto. Munthu wamantha samva kawiri. Amamva koyambako, n'kugwira khasu."

Mwana wina akanagwetsa nkhope. Nomsa anaumitsa khosi.

"Agogo, inu Jogalafe simunaphunzire. Za malasha ndi zina, izi ndi zina."

Mawu amenewo anali achipongwe, ndipo iye mwini anadziwa atangowatulutsa. A Silvester anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasenza nsungwi yawo n'kubwerera.

Atafika pakhomo anaitana mwana wawo. "Iwe Nangozo, mbatata ija usaikhudze. Kulibe phiri lophulika kuno."

ANangozo anagwada, maso akupita kwa bambo awo, n'kubwerera kwa mwana wawo. Zinali zomvetsa chisoni kuwaona.

"Bambo, ndakumvani," anatero motsitsa mawu. "Koma mwanayu ndi wa sukulu."

5. Theka lotsala

Lachinayi Nomsa anadzuka mutu uli wolemera. Amayi ake anali atapita kale kudimba ndi khasu ndi matumba. Anazungulira pabwalo, analowa m'nyumba, anatulukanso. Fungo la udzu wopsa lija linali lisanachoke m'mphuno mwake. Pomaliza anavala yunifolomu n'kuthamangira kusukulu, foni ili m'chikwama.

M'kalasi munali ana osakwana theka. Madamu Ndau analowa nkhope ili yosasangalala.

"Ena mwa anzanu athawa phiri," anatero. "Tiyeni timalize phunziro lathu, mwina tiwabweza. Kawirikawiri phiri likamakonzeka kuphulika limapereka zizindikiro. Nthaka imagwedezeka pafupipafupi, tizivomezi ting'onoting'ono. Pena imatupa kapena kung'aluka. Madzi a pa akasupe amayamba kutentha kapena kusintha kakomedwe. Pamamvekanso fungo ngati la mazira owola. Tsono inu ochokera ku Chiwale tandiuzani. Nthaka yagwedezeka?"

"Ayi, Madamu."

"Madzi a m'zitsime za m'dambo atentha?"

"Ayi, ndi ozizira."

"Utsiwo ukununkha chiyani?"

Nomsa anamva pakamwa pake pakutseguka pokha. "Udzu wopsa," anatero ndi mawu aang'ono.

"Chachiwiri," anapitiriza Madamu, "mapiri amenewa sapezeka paliponse. Oyandikana nafe kwambiri ali ku Tanzania, cha ku Rungwe, kumpoto kwa Karonga. Ndipo anthu akumeneko sakhalira kuthawa. Amalima nthochi, tiyi ndi mbatata, chifukwa phulusa lakale la mapiriwo linasanduka nthaka yachonde. Mwaona? Phiri lophulika limawononga, komanso limadyetsa. Kuno ku Malawi zivomezi timakhala nazo, ngati za ku Karonga m'chaka cha 2009. Akasupe a madzi otentha tili nawo. Koma phiri lodziwika kuti likuopseza kuphulika tilibe. Mapiri a kuno ku Ntcheu ndi miyala yakalekale, yozizira. Chimene chikufuka ku Chiwale ndi nthaka ya zowolerana imene yauma n'kugwira moto."

Nomsa sanalembe ngakhale liwu limodzi. Zimene Madamu ananena ndi mapu ndi choko, agogo ake anali atanena kale ndi nsungwi.

Ana atatuluka kukapuma, Madamu anamuuza kuti atsalire.

"Uthenga uja unafika ndi pafoni yanga yomwe," anatero. "Mawu ako ndinawazindikira usanamalize chiganizo choyamba."

Nomsa anayang'ana pansi.

"Ndikhoza kutumiza uthenga wina ine, osakutchula. Ena amva. Ena anena kuti aphunzitsi atumidwa kubisa zoona. Anthuwa anaopsezedwa ndi mwana wa Fomu 2, ndipo ndi yekhayo amene angawamasule msanga. Koma sindikukakamiza. Udziwiretu kuti ukalankhula akuseka, mwina mpaka chaka kutha. Dzina lachipongwe akupatsa. Ena akukwiyira kwambiri, ndipo sakhala akulakwa. Kulakwitsa pophunzira si mlandu, Nomsa. Ine ndalakwitsapo kambirimbiri pabolodi pomwepa. Mlandu umayamba pamene munthu wadziwa choona n'kukhala chete, kwinaku anzake akuwononga zinthu zawo chifukwa cha mawu ake. Sankha wekha, koma usankhe msanga."

Kunja anyamata ena anali atayamba kale kuyeserera mawu ake, akuseka: "Konzekani, musadzati sitinakuuzeni!" Nomsa anawamva bwinobwino. Manyazi anamugwira mpaka makutu kutentha.

"Madamu," anatero, misozi ili m'maso, "amayi anga akukumba mbatata panopa."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa foni ija, ngakhale ankadziwa kuti foni n'zoletsedwa m'kalasi. Madamu anaiyang'ana, koma sanamulande. Nomsa anayamba kawiri konse kujambula mawu ake.

"Ndine Nomsa, mwana wa aNangozo wa ku Chiwale. Uthenga wa phiri lophulika uja ndinatumiza ndine, ndipo ndinalakwitsa. Ndinali nditaphunzira theka lokha. Kambuzi si phiri lophulika. Chikuyaka ndi nthaka youma ya m'dambo. Agogo anga a Silvester anandiuza zoona dzulo, ine n'kuwanyoza. Chonde musakumbe mbatata. Amene mwathawa bwererani. Ana asayandikire pofukapo, chifukwa pansi pake papsa, akhoza kutitimira. Pakufunika makasu ndi madzi. Pepani nonse, ndalakwa ndine."

Anatumiza. Kenako anakumbukira chinthu chimene chinamuumitsa thupi. Alimi onse a pagulupo amva uthengawo, kupatula munthu mmodzi, mwini wake wa foniyo.

"Thamanga," anatero Madamu. "Kwa ahedi ndikafotokoza ndine."

6. Mizere isanu ndi iwiri

Kuchoka pasukulu kufika kudambo ndi ulendo wa ola lathunthu. Nomsa anavula nsapato n'kuliyatsa liwiro. Panjira anakumana ndi amayi awiri akubwerera kumudzi, mitolo ili pamutu. Mmodzi anamuloza ndi mlomo, winayo anatsonya. Nomsa sanaime.

Atalowa m'madimba anadutsa la a Redson, bambo wa ana asanu amene analima moyandikana ndi amayi ake. Dimba lonse linali litagadabuzidwa, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, masamba obiriwira ali mbwee akufota padzuwa.

"Amayi! Amayi, lekani!"

ANangozo anali chiweramire, khasu lili m'mwamba. Chakumapeto kwa dimba, pa mzere woyamba, panali patakhala a Silvester, nsungwi yawo ili pamiyendo. Nkhalambayo inali italawirira kudzakhala pamenepo kuti mwana wawo asakumbe. Mwana wawoyo, posafuna kukangana ndi bambo ake, anangokayambira mbali inayo.

Nomsa anafika n'kugwira mpini wa khasu ndi manja awiri.

"Amayi, lekani. Ndinalakwitsa. Kulibe phiri lophulika. Madamu afotokoza zonse. Agogo amanena zoona."

ANangozo anamuyang'ana ngati sakumva Chichewa. Thukuta linali kutsika m'masaya mwawo. Anasiya khasu pang'onopang'ono n'kutembenuka kuona kumene achokera. Mizere isanu ndi iwiri inali itapita.

Anawerama n'kutola mbatata imodzi pamulu. Inali yaing'ono ngati dzira la nkhunda. Anaikhula ndi chala chachikulu, khungu lake n'kusendeka lonse.

"Taona," anatero. "Wogula sangaitenge. Mbewu singakhale. Pakatha masiku ochepa iyamba kuwola."

Nomsa anagwada m'dothi momwemo. Akanakonda amayi ake akanamukalipira, ngakhale kumumenya kumene. Koma mayiwo analankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiko kunamupweteka koposa.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, mwanawe. Ndimathirira mbatatayi kuti iwe ukaone zimene ine sindingathe kuona, uzibwera kudzandiuza. Ukandiuza kuti zili m'buku, ine ndilibe pokatsutsira. Dzulo ndakana mawu a bambo anga ondibereka, pamaso pawo, chifukwa cha iwe. Mbatatayi tidzalima ina. Koma mawa ukadzabweranso ndi kope lako n'kundiuza kanthu, ndidzatani?"

Nomsa analira mosadzigwira. Anakwawa ndi maondo mpaka pamene panali agogo ake.

"Agogo, ndinakulankhulani mwachipongwe. Pepani."

A Silvester anakanda kukhosi, maso ali kumbali. "Ndamva. Pukuta misoziyo, siizimitsa moto. Mizere khumi ndi itatu yatsala, ndipo yatsala chifukwa wathamanga. Tola mbatatayo uike pamthunzi."

Nomsa anali atangotola zodzaza manja awiri pamene anamva mawu ake omwe akuchokera kunjira, akulira pafoni: "Pepani nonse, ndalakwa ndine." Mawuwo anatha, n'kuyambiranso.

Anali a Redson. Ankabwera pang'onopang'ono, dzanja lina atagwira foni, lina atafumbata timbatata tosakhwima. Anaima m'malire a dimba.

"ANangozo," anatero, "ine ndakumba lonse. Ndatsala ndi dothi. Mwana wanuyo ndikufuna ndilankhule naye."

A Silvester anagwira nsungwi kuti adzuke, koma aNangozo anawaletsa ndi dzanja. Sanaime kutsogolo kwa mwana wawo, ndipo sanamuyankhire. Anangomuyang'ana.

Nomsa anaika mbatata ija pansi. Anasasa dothi m'maondo, n'kuyamba kuyenda kupita kumene kunaima a Redson.